Chifuwa cha ku Mbiya

Chigwa chija apaulendo ankachitcha ku Mbiya, ndipo amene anayamba kuchitcha choncho anali ndi maso. Mapiri anachizinga mbali zonse, polowera pamodzi, potulukira pamodzi, ndipo pansi pake pankayenda kamtsinje kozizira kowawitsa mano. Njira yochokera kunyanja, ikamaliza chitunda chothyola mawondo chija, inkagwera m'chigwamo isanapitirire ku boma la Dedza. Panalibe munthu wa katundu pamutu amene ankadutsa osatula.

Mudziwo unkadyera njira. Sindikunena kuti anthu ake sankalima, ayi, ankalima ndithu, koma ankalima maso ali kunjira: kachewere, nsawawa, kabichi, anyezi. Amtengatenga ankabwera ndi usipa, mchere, nsalu ndi makasu, n'kuchoka mimba zili ndendende. Ndiye panalinso azungu a kumunsi, ofooka ndi malungo, amene ankanyamulidwa pa machila masiku atatu kuti angodzapuma mpweya wa kumapiri. Anthu a ku Mbiya ankaseka mpaka misozi. Munthu wamkulu ndi ndevu zake kugonekedwa m'nsalu kudzafuna mpweya, chinthu chosalima, chosagula! Koma ankasekera kuseri, chifukwa machila amodzi ankabwera ndi amuna khumi ndi awiri, ndipo aliyense anali ndi njala yake.

Anastazia, wa mfunda wa aMbewe, sanali wa m'chigwamo. Kwawo kunali kumtunda, m'mphepete mwa phiri la Chongoni, ndipo ku Mbiya anabwera pa chitengwa atakwatiwa ndi Gerevazio pamaso pa ansembe. Onse awiri anabatizidwa Pasaka imodzi. Anali mkazi wa mawu ochepa ndi manja ofulumira, ndipo thobwa lake linali ndi mbiri mpaka kunyanja. Pansi pa mkuyu wa pakamtsinje, pamene akazi ankayala malichero awo, alendo ankafunsa asanatule n'komwe kuti, "Ali kuti aNambewe a thobwa aja?" Akazi anzake zinkawapweteka pang'ono, ndinene zoona, koma ankamwetulira.

Kutatsala chaka chimodzi kuti nkhondo ya Jeremani iyambe, kunabwera mzungu wina wamalonda amene ankafuna kumanga masitolo a njerwa pafupi ndi boma. Anthu anamutcha Mfuko, chifukwa paliponse pamene waima ankakumba pansi ndi ndodo n'kumafikisa dothi m'zala. Dothi la m'dambo la ku Mbiya linamugwira mtima. Anafunsa ngati pamudzipo panali wodziwa chikombole, ndipo onse analoza Gerevazio, amene anaumbapo njerwa ku mishoni. Tsiku lomwelo Gerevazio anakhala kapitawo, ndipo anabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo.

Anayamba kuumba atangokolola. Pofika chisanu m'dambomo munali mutaima mauvuni asanu ndi anayi, aakulu kuposa nyumba, ndipo pangano linali loti wina akamazizira wina aziyaka, onse athe mvula isanagwe. Nkhuni zouma zinathera pa uvuni woyamba. Kuyambira wachiwiri ankaponyamo mitengo yaiwisi, misuku ndi masamba ake omwe. Uvuni woyambawo unayatsidwa sabata imene Anastazia anabereka mwana wake woyamba, wamkazi, amene anamutcha Agnesi.

M'chisanu nkhungu imagona pamwamba pa chigwacho ngati chivundikiro. Utsi ukakwera pang'ono unkabwerera, n'kuyala pa madenga, n'kulowa m'nyumba, m'nkhokwe, ngakhale m'mitsuko ya madzi. Dzuwa linkaoneka litakwera kale, lofiira, lopanda mphamvu. Kabichi wa m'madimba anachita mwaye. Thobwa la Anastazia, ngakhale alivundikire bwanji, linkamveka fungo la chitsa chonyeka. Mudzi wonse unayamba kutsokomola, akulu ndi ana, koma panalibe wotsokomola ngati Agnesi. Kamwanako kankayamwa kawiri, katatu, n'kusiya bere kuti kapume, m'chifuwa mukulira tswii, tswii.

Tsono apa mumvetse bwino mmene zinthu zinamangirana. Amuna a pauvuni anali kudika. Lamulolo analitenga kwa makolo awo osungunula chitsulo m'ng'anjo: moto ukayaka mwamuna sayandikira mkazi wake, mkaziyo naye adzisunge, apo ayi njerwa ziphulika. Gerevazio, pokhala kapitawo, ankagona m'chisakasa cha kudambo. Agnesi nayenso anali asanatengedwe kumphasa, mwambo umene bambo ndi mayi amachita kuti khanda lilimbe. Kufikira tsikulo khanda ndi lozizira: siligwiridwa ndi anthu wamba, siliyenda panjira ya alendo, pakuti mlendo sudziwa kumene wagona. Aphunzitsi a katekisimu ankati zonsezi n'zachikunja. Anthu ankavomera Lamulungu n'kumazisunga Lolemba.

Oyamba kusintha anali alendo. Tsiku lina m'mawa kunatsika machila, patsogolo pake pali Zefaniya, kapitawo wa onyamula, mwamuna wanthabwala amene kwa zaka zitatu sanadutsepo osamwa thobwa la Anastazia. Onyamula anaima pa mkuyu monga mwa masiku onse, koma m'machilamo munatuluka dzanja loyera likukupiza kansalu, pamodzi ndi mawu okalipa.

"Akuti tipitirire," anatero Zefaniya. "Akuti sanachokere kunyanja kudzawambidwa ngati nsomba."

Anastazia anatunga thobwa m'chikho n'kugwada. "Imwani msanga, aZefaniya, muwapeza pachitunda."

Zefaniya anayang'ana chikhocho manja ali kumbuyo. "Pepani, aNambewe. Lero ndakhuta."

"Inu kukhuta? Mwayamba liti?"

Sanaseke. Anatsitsa mawu. "Ndikuuzani chifukwa mwakhala mukundisunga bwino. Panjira pali mawu. Aliyense wogona ku Mbiya akuchoka ndi chifuwa. Anthu anga awiri anatsokomola mpaka kukafika kunyanja. Akuti muno muli mkazi wotentha amene akuthira mchere m'zakudya za alendo, akudula anthu. Dzina sanatchule."

"Si utsi uwu? Simukuuona?"

"Utsi?" Zefaniya anapukusa mutu. "Mayi, tonsefe tinabadwira mu utsi, pambali pa moto wa m'nyumba. Utsi umaliza maso basi. Unadwalitsapo yani?"

Anathamangira machila ake akutsokomola.

Kuyambira pamenepo maulendo ankadutsa ku Mbiya mothamanga, nsalu zili kumphuno, n'kukatula kuseri kwa phiri pamene panali kasupe, ndipo akazi a mudzi wina sanachedwe kusamutsirako malichero awo. Pansi pa mkuyu akazi a ku Mbiya ankakhala tsiku lonse akuingitsa ntchentche. Nsawawa zinauma, mazira anavunda, mchere unatha m'nyumba. Munthu akadya ndiwo zopanda mchere masabata atatu amayamba kufuna wina woti amude. Akaziwo anayamba ayang'anana okhaokha, kenaka maso onse anatera pa mlendo uja, wa thobwa lotchuka, wa khanda lodwala. Chifuwa cha khanda losatengedwa chili ndi dzina limodzi, tsempho, ndipo tsempho limanena kuti bambo kapena mayi wayenda kunja. Gerevazio ankagona pakati pa amuna makumi awiri omuona. Ndiye anatsala ndani?

Apongozi ake, aNankhoma, amayi a Gerevazio, anamufunsa koyamba mofatsa, kachiwiri mokweza mawu. Anastazia anakana kawiri konse, akulira ndi ukali.

Tsiku lina anapita kukakumba kachewere kumunda wa m'phiri. Womusiyira mwana panalibe, poti akazi onse tsopano ankamuzemba, choncho anam'bereka. Anakwera akubanika, maso akuyabwa, ndipo atafika pakati pa phirilo anatulukira mwadzidzidzi padzuwa. Kumwamba kunali mbee! Atacheuka, mudzi sanauone. Pansi ponse panali chinthu chotuwa chitadzaza chigwa mpaka m'milomo, nsonga ya mkuyu yokha ikuoneka. Anakhala pamwala n'kumasula mwana. Agnesi anayamwa, anayamwa, osasiya, mpaka mkaka kutuluka m'mbali mwa kamwa, n'kugona tulo timene sanagonepo chibadwire. Kulira kwa m'chifuwa kuja kunachepa. Anastazia anakhala pamenepo osakumba kachewere ndi mmodzi yemwe, ndipo atatsikira m'chigwa madzulo, mwana anayambanso kubanika asanafike pakhomo.

Anabwereza mawa lake, ndi mkucha, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Tsiku lachinayi aNankhoma anamuletsa. Kuphiri kunali odula nkhuni, amuna okhaokha, ndipo mkazi womuganizira kale ankakafunako chiyani?

Dzuwa lisanalowe Anastazia anatengera mwamuna wake chakudya kudambo. Anachiika pansi chapatali, monga mwa lamulo, n'kukhala. Gerevazio anabwera nkhope ili bii, maso ali psuu. Anali munthu wabwino, ndipo za mkazi wake zimene zinkanenedwazo anali asanazilandire.

"Bambo a Agnesi, ndiloleni ndipite kwathu ndi mwanayu mpaka mvula igwe. Akumudwalitsa ndi utsi. Ndaona ndi maso anga kuphiri."

"Khanda lozizira, ulendo wa tsiku lathunthu, panjira yodzaza amtengatenga? Mukufuna mukamutaye panjira?"

"Ndiye timutenge kumphasa, alimbe."

"Moto uli mkati, Nambewe. Mukudziwa."

"Zimitsani motowo. Masiku ochepa okha."

Gerevazio anaseka kuseka kotopa. "Uvuni ukayaka suzimitsidwa. Ndipo taonani amuna awa. Njira yauma, mudzi wonse tsopano ukudya njerwa. Ndiwauze kuti chiyani? Komanso mukachoka panopa, ndi zimene akuyankhulazi, ati mwatsata munthu. Pirirani. Atsala mauvuni asanu."

Mauvuni asanu ndi miyezi iwiri. Anastazia anayang'ana kadzanja ka mwana, kowonda ngati phazi la nkhuku, ndipo anadziwa kuti miyezi iwiri panalibe.

Anayesa kuthawa. M'mawa wina, nkhungu ili tolo, anabereka mwana n'kutenga njira ya kumtunda. Koma chigwa cha potulukira pamodzi sichithawika. Pakhosi penipeni pa phiri anapeza odula nkhuni a mwamuna wake akugwetsa msuku. Sanamukalipire. Anangoti, "Alamu, mwasochera ndi nkhunguyi," n'kumuperekeza mwaulemu mpaka pakhomo pa aNankhoma, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Anatumiza mawu kwa mchimwene wake Anselmo, amene anali nkhoswe ya ukwati wake. Anselmo anatsika kuchokera ku Chongoni, anakhala pakhonde, anamva zonse akupukuta misozi ya utsi.

"Mlongo wanga, ine ndikutenge bwanji?" anatero. "Akukumenya? Ayi. Akukumana chakudya? Ayi. Ndikaime pamaso pa ankhoswe anzanga kuti ndachotsa mkazi wa mwini chifukwa cha utsi? Andiseka mpaka ku Linthipe. Mkazi wa chitengwa amabwerera kwawo eni ake akamupirikitsa, pakakhala mlandu. Apa mlandu palibe."

"Achimwene, mwanayu afa."

"Usamatero. Ndibwera ndi mankhwala a chifuwa."

Anabwerera tsiku lomwelo, poti mpweya wa m'chigwamo unamukanika, ndipo sanadziwe kuti m'mawu ake aja anasiyamo khomo lotsekula.

Patapita masiku anayi anatsekula uvuni wachisanu. Njerwa za m'mphepete zinali zosapsa, zoti ukafinya zimanyenyeka, ndipo za mkati zinali zong'aluka. Aliyense wodziwa ntchitoyo akanakuuzani kuti nkhuni zaiwisi ndi changu ndi zimene zimatero. Koma Mfuko anakalipa mpaka kumveka kumudzi, amuna anayang'ana kapitawo wawo, ndipo kapitawo anayang'ana pansi. Dzuwa lili pamutu, aNankhoma ndi akazi achikulire atatu analowa m'nyumba ya Anastazia n'kutseka chitseko.

"aNambewe," anatero aNankhoma, "takufunsani kawiri, mwakana. Lero ndi kachitatu. Njira yauma, njerwa zasweka, mdzukulu wanga akutha. Ululani, mwana amwe mankhwala, achire. Mukufuna afere m'manja mwanu chifukwa cha manyazi?"

Anastazia anayang'ana mwana pamiyendo pake. Akapuma, pansi pa nthiti pankalowa dzenje. Milomo inali itatuwa. Kulira anali atasiya dzulo lake, mphamvu zolirira zitatha.

"Ndikaulula mundichita chiyani, amayi?"

"Mukaulula m'mudzi muno simugonamonso. Kwatsala mauvuni anayi, sitingalole muwonongenso. Mutenge mwana wanu mupite kwanu, ndipo njira yonse imve kuti ku Mbiya tachotsa choipa."

"Lero lomwe?"

"Lero lomwe."

 Anastazia anaganiza za dzina lake, limene anali asanalidetsepo chibadwire. Anaganiza za mayi ake ku Chongoni, za madzi a ubatizo, za Gerevazio. Anachita mantha, anamva chisoni, koma pansi pa zonsezo munali chinthu china chonga chimwemwe, ndipo chimenecho ndi chimene chinamuopsa kwambiri.

"Ndinachimwa," anatero.

Akazi aja anapumira pamodzi. "Ndi yani?"

Apa anasamala, kuti asaponyere mlandu munthu wosalakwa. "Wapaulendo. Wopita ku Halale. Dzina sindinamufunse."

"Kuti?"

"M'mabango, kumunsi kwa mkuyu."

Bodza likangoyamba limayenda lokha. Anayankha zonse zimene anafunsa, tsiku, nthawi, mtundu wa nsalu imene munthuyo anavala, ndipo akaziwo ankagwedeza mitu ngati akumva zimene ankazidziwa kale. Mmodzi anati ankamuona ndithu tsiku limenelo akuchokera kumabango.

Anaitanitsa Gerevazio. Analowa ndi mwaye wake, anamva kuchokera kwa amayi ake, ndipo sanakalipe. Akanakalipa bwenzi zili bwino. Anagwada patsogolo pa mkazi wake, mtunda wa lamulo uja atauiwala.

"Nambewe, ndiyang'aneni. Akukakamizani?"

Anastazia anakweza maso. Ankafuna kuti mwamunayu aone, amvetse, angotsinzina diso limodzi lokha. Koma m'maso mwake munali funso lokhalokha.

"Sanandikakamize."

Gerevazio anakhala pansi pomwepo, miyendo itatambalala, manja ali pamutu.

Tsono onani zodabwitsa. Njira ija imene inali yoopsa kwa khanda lozizira inayera mwadzidzidzi. Anamwetsa mwana mankhwala a tsempho, anam'mangirira kachingwe m'chiuno, ndipo anati tsopano atha kudutsa pakati pa amtengatenga zana osaona kanthu. Mankhwala omwewo analipo dzulo, analipo mwezi wathawo. Anatulutsa Anastazia masana dzuwa likuswa mtengo, kudzera pa mkuyu, kuti aliyense aone, akazi akukuwiza kumbuyo. Mtsuko wake wa thobwa anauswera panjira. Odula nkhuni a pakhosi pa phiri aja anamupatukira, osamutchanso alamu.

Atatulukira padzuwa sanacheuke. Anangomva kumsana kachifuwa kakufutukuka, kakubwerera, kakufutukukanso, ndipo anayenda akulira mokweza, wopanda womumva.

Ku Chongoni mayi ake anamulandira osamuyang'ana kumaso. Anselmo sanamuyankhule mwezi wathunthu. Anamuletsa kuthira mchere m'ndiwo za pakhomo, ndipo kuchitsime akazi ankadikira kuti iye atunge achoke. Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni kwa kachisi wa udzu, pafupi ndi khomo. Anauza mayi ake zoona kamodzi, ali awiri kumunda. Iwo anangoti, "Mwana wanga, chachitika chachitika. Usaonjezepo bodza."

Ndipo Agnesi anachira. Sabata yoyamba kulira kwa m'chifuwa kunatha. Yachiwiri anayamba kukuwa ngati mwana aliyense, yachitatu masaya anatuluka. Aliyense womuona ankati, "Mwaona? Kuulula kumachiritsa." Mvula itagwa mauvuni anazima, mpweya wa ku Mbiya unayera, chifuwa chinatha m'mudzi, ndipo maulendo anayambanso kutula pa mkuyu. Mawu anakwera mpaka ku Chongoni akuti chichokereni mkazi uja ku Mbiya kuli bwino. Chilichonse chabwino chimene chinachitika chinakhala mboni yomutsutsa, ndipo mboni yaikulu kuposa zonse ankaibereka yekha kumsana.

Gerevazio anabwera chimanga chili m'mawondo. Anastazia anali pakhonde akusenda nyemba, mwana akukwawira pamphasa, ndipo anamuzindikira ali patali ndi kayendedwe kake. Anali atawonda. Anakhala pachitsa, analandira moni, kenaka ananyamula Agnesi n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Mwanayo anam'gwira mphuno.

"Wanenepa," anatero Gerevazio.

"Wanenepa."

"Ndinkapemphera kuti achire, Nambewe. Koma ndinkaopanso. Ndinkati akachira ndiye kuti zinali zoona. Sindigona. Ansembe akuti ukwati wathu sungathe, ine sindingatenge wina, inunso simungakwatiwe. Tikhala chonchi mpaka liti? Ndakhala ndikuganiza. Tsiku lomwe munanena lija, ine ndinabwera kudzatenga nkhwangwa, ndinakupezani mukusinja, mwana ali kumsana. Kumabango munapita nthawi yanji?"

Manja a Anastazia anaima m'lichero. Miyezi yonseyi ankalakalaka munthu mmodzi yekha woti afunse funso limeneli.

"Ndiuzeni kuti linali bodza," anapitiriza Gerevazio. "Mungonena kuti akazi aja anakupanikizani. Ine ndikhulupirira. Amayi ndithana nawo, mudzi ndithana nawo. Tibwerera limodzi lero lomwe."

"Nanga akafunsa chimene chinachiritsa mwana?"

"Ndidzati ndi mapemphero."

"Osati utsi?"

Gerevazio anamwetulira mwachifundo, monga amachitira munthu ndi wodwala. "Mwayambanso za utsi zija? Zisiyeni zimenezo, anthu angamakusekeni. Tamverani, zinthu zikuyenda tsopano. Mfuko wakondwa ndi mauvuni otsiriza aja. Akufuna njerwa za nyumba zina, ndipo ena a ku boma amva mbiri ya dothi lathu. Ndakumangirani nyumba ya njerwa, Nambewe, yoyamba m'mudzi monse, pafupi ndi dambo kuti musamavutike ndi kunditengera chakudya."

"Chaka chino mauvuni akhala angati?"

"Makumi awiri!" Nkhope yake inawala koyamba chifikireni. "Tiyatsa tikangokolola, mpaka mvula."

"Ndipo moto ukayaka, mkazi wa kapitawo angachoke m'chigwa ndi mwana?"

"Achokerenji? Pambuyo pa zonsezi muyenera kukhala pamaso pa anthu, aone okha kuti ndinu wosalakwa."

Anastazia anayang'ana mwamuna wake, ndipo ankamukonda, ankamukonda kwambiri. Kenaka anayang'ana Agnesi ali pamiyendo pa bambo ake, kamimba kakukwera ndi kutsika mosavuta, popanda phokoso lililonse. Mawu amodzi okha akanamubwezera dzina, nyumba, mwamuna, ndi malo ake pansi pa mkuyu. Anatambasula manja n'kutenga mwanayo.

"Bambo a Agnesi, munandipeza ndikusinja m'mawa. Kumabango ndinapita masana."



"Zinali zoona," anatero Anastazia. "Musabwerenso kudzafunsa."

 Mwamunayo anaimirira, anatola ndodo yake, n'kutsazika mwaulemu monga amatsazikira mlendo. Anastazia anamuyang'ana akutsika pakati pa chimanga, msana utawerama, mpaka njira inakhota. Agnesi anayamba kufunafuna bere, ndipo iye anam'patsa.